Chilembo Chimodzi ku Chitakale

Laputopu iyi ndinagula kwa Namathanga ku Limbuli.
Batire yake inafa kale, imapumira pa waya,
magetsi akaphethira nayonso yagona.
Zaka zitatu ndakhala ndikugogoda mabatani ake
ngati mlendo wa pakhomo,
osafunsa kuti amatsegula ndani.

Juni uno chiperoni chitatsika m'phiri
n'kutitsekera m'nyumba masiku anayi,
ndinati ndizungulire kuseri.

Kuseriko ndinapeza kenelo.
Sioneka, siyankhula, koma ndi imene imagawa:
iwe gwira pang'ono, tula, wina agwireko,
malo ako ndi awa, malire ndi apa.
Ndinasiya kuwerenga.
Ntchito imeneyi ndikuidziwa ine.
Bambo anga anaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndi kope lonyowa m'thumba la jasi,
kapitawo wa m'munda wa tiyi:
mzere uwu wa Esinati, uwo wa Mukhito,
sikelo ndi imodzi, imani pamzere.

Pulogalamu yanga yoyamba inadumpha mzere.
Inakathyola pamene sinapatsidwe
ndipo kenelo inaichotsa ntchito pomwepo,
popanda kalata, popanda kumva mbali yake.
Bambo nthawi zina ankayang'ana kuphiri
mayi wobereka mwana akalowerera mzere wa mnzake.
Iyi siyang'ana kuphiri.

Kenako ndinafuna kuona mundawo kapitawo asanadzuke.
Makina akangoyaka amawerenga mabaiti
mazana asanu ndi khumi ndi awiri, basi,
awiri omalizawo ngati chidindo cha ku ofesi.
Chidindo chikasowa sakudziwa.
Mmenemo mulibe wokugwira dzanja,
ngakhale wokuuza kuti walakwa.
Ukalakwa, mdima.
Ndinaona mdima Lolemba, mdima Lachinayi,
wina wa ine, wina wa magetsi,
mpaka sindinkathanso kuwasiyanitsa.
Adiresi ndinkaiphonya ndi phazi limodzi lokha.

Loweruka usiku, malole a tiyi atasiya kudutsa,
pakona ya sikirini yakuda
panatuluka W.
Woyera, wamng'ono ngati nyerere,
chiyambi cha dzina la bambo, Wedisoni.
Palibe anandinyamulira, ndinamuika ndekha pamenepo.

Ndinadzutsa mng'ono wanga Felesiya.
Anabwera atafunda chitenje kumutu,
anasuzumira, anandiyang'ana:
masabata atatu, achemwali, chilembo chimodzi?
Mawa mukagulitse nawo mapeyala.

Sindinamuyankhe.
Ndinakhala ndi chilembocho mpaka mayunitsi analira.
Mawa ndiphunzitsa makinawa kumva kiyibodi,
kenako kuwerenga nthawi,
kenako, Mulungu akalola,
kugawa mizere iwiri popanda ndewu.
Kope la bambo likadali m'sutikesi,
masamba ake anamatana ndi chinyezi.
Ndilitsegula pang'onopang'ono ndi mpeni,
ndione mmene ankalembera
tsiku limene antchito achuluka kuposa mizere.