Matebulo Asanu ndi Awiri ku Bergen

Mvula ya ku Bergen siikata.
Abrehet wapukutanso matebulo asanu ndi awiri
amene palibe wawadetsa.

Pawindo paima bambo wa ambulera yofiira.
Akuwerenga mndandanda wa zakudya,
milomo yaterereka pa dzina loti zigini.
Wasuzumira m'kati, waona mipando yokhayokha.
Mpando wopanda munthu umapirikitsa mlendo.
Wawoloka msewu. Kwa ophika pitsa kuli mzere.

Mtanda wa injera wagona masiku atatu
kuti usase bwino,
koma kuno chosasa amati chawola.
Dzana mayi wina anapempha foloko,
nafunsa ngati anayi kudyera pamodzi
n'chifukwa chosowa mbale.

Akwawo a ku Keren amabwera Lamlungu,
khofi kapu imodzi, nkhani mtolo,
potuluka n'kumati:
"Zoterezi timaphika tokha kunyumba."

Filmon, mwana wake wakulira kuno,
akuti: "Amayi, chepetsani tsabola,
thiranimo mkaka, dzinalo tisinthe."
Anayesapo mu Febuluwale.
Eni dziko sanabwere,
akwawo analawa n'kuyang'anana,
mwini wake anadya choimirira, osamva kanthu.

Lendi ndi Lachisanu.
Tsabola wa m'chitini anasinja ndi mchemwali wake,
wadutsa mabwalo a ndege atatu.

Naini koloko.
Wakazinga khofi, wafukiza lubani,
watsegula chitseko pang'ono
kuti fungo likamuyankhulire
m'chinenero chomwe iye chimamukanika.

Pakona mtsikana woyenda ndi galu waima,
wakweza mphuno.
Galu akukoka chingwe, akufuna kwawo.