Anapiye Mazana Awiri

Magetsi anazima seveni itangokwana,
wailesi ili pakati pa uthenga wa maliro.
Chiputula yense anati "aaa!" ngati munthu mmodzi,
kenaka zii.

Ine ndinabadwira ku Ngabu,
kumene bulangete timasungira alendo.
Palibe anandiuza kuti ku Mzuzu kuzizira kuli ndi mano,
kuti mu Julaye kumalowera pansi pa chitseko,
kukhala pampando wako,
n'kuyamba kukuwerenga nthiti.

Kuseri kwa nyumba kuli anapiye mazana awiri
a masiku anayi,
ogula ndi ngongole ya banki m'khonde.
Mayi wawo ndi babu lofiira lolendewera pawaya.
Usiku umenewo mayi wawo anatsinzina.

Ndinathamangira kumpopi.
Ndimati ndiwiritse madzi, ndithire m'mabotolo,
ndiwaikire pakati aziwothera.
Mpopi unatsokomola kawiri,
n'kundilavulira dzimbiri m'dzanja, basi.
Chitsulo chake chinandiluma zala mpaka dzanzi.
Akuti mapampu nawo amadya magetsi omwewa.
Tonse timayamwa bere limodzi,
ndipo linali litaphwa.

Chifunga chinatsika ku Kaning'ina
n'kumeza nyumba ya aneba, mtengo wa mapeyala, chimbudzi.
Mawu okha ndi amene anaboola:
"Muli uli uko?"
NyaChavula, atakwera pa njerwa, anandipatsira pamwamba pa mpanda
theka la chigubu cha madzi a mvula
ndi makala m'kajumbo ka shuga.
"Mudzabweza ndi nkhuku," anatero,
mano akugundana pakati pa kuseka.

Mbaula ukaiyandikiza, utsi uwapha.
Ukaitalikitsa, amathamangira pakona n'kusanjikizana,
ndipo wapansi amafa ndi kufunda kwa abale ake.
Ndiye ntchito yanga inali imeneyo:
kugwada mu utuchi, kuphwasula mulu ndi manja awiri,
iwo kuunjikana, ine kuphwasula,
iwo kuunjikana.

Chitsanzo anali ndi mayeso a Fomu Folo m'mawa mwake.
Anatseka buku, navula masokosi ake,
n'kuveka mabotolo otentha kuti asawotche timiyendo.
Anandiunikira ndi foni mpaka foni inafa.
Ndinamuuza kuti akagone.
Anakhalabe pakhomo, mapazi ali m'thumba la chakudya cha nkhuku,
akulakatula mitsinje ya dziko lino mumdima,
mpweya wake ukutuluka ngati wosuta fodya.

Ofooka asanu ndinawalowetsa m'juzi, pachifuwa,
pamene mnyamata yemweyo ankagona
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo.
Timitima tawo tinkagunda ngati wotchi yotchipa.
Kamodzi kanaleka cha m'ma thu koloko.
Sindinakachotse msanga.

Ndinawerengera Lachisanu, tsiku lobweza ngongole,
ndinawerengera makala otsala, zibenthu zisanu ndi chimodzi,
ndinatukwana anthu amene sindikuwadziwa nkhope
ogona mofunda kwinakwake pafupi ndi switchi.
Kenaka ndinapemphera, mwina mochedwa.

Anayaka tambala wachiwiri atalira.
Wailesi inayambira pomwepo kukuwa m'nyumba yopanda munthu,
ana a kutsidya anafuula "ayaka!" ali m'tulo,
babu lofiira linatsegula diso
ngati silinapite kulikonse.

Mpopi ndinali nditausiya chotsegula.
Kutacha ndinapeza khonde lonse lili thamanda,
madzi ozizira ngati mpeni,
nsapato za Chitsanzo zikuyandama.
Anapita ku mayeso atavala zanga za pulasitiki,
wopanda masokosi, akununkha utsi.

Khumi ndi mmodzi ndinawakwirira pansi pa nthochi.
M'kope la ngongole ndinafufuta 200, ndinalemba 189,
cholembera chikukana kugwirika.
Pansi pake ndinawonjezera: makala, thumba limodzi.
Machesi. Chigubu china.
Nkhuku imodzi, yonenepa, ya NyaChavula.