Diso la Mbuzi ku Bangwe

Aphunzitsi azunguliza ndime yachitatu ndi inki yofiira,
m'mbali alembamo kuti: Gwero lake?
Akufuna dzina, chaka, tsamba la buku.
Ndakhala m'laibulale mpaka mlonda wayamba kuliza makiyi,
mabuku onse olemera ndawavundukula,
palibe ndi limodzi lomwe lodziwa bambo anga.

Bambo anga, a Likhutcha, ankalemba zikwangwani ku Limbe.
Mitu itatuitatu pakhoma la ometa,
nsapato yoseka pakhomo pa wosoka nsapato,
mawu akumbuyo kwa minibasi, othokoza Mulungu
ndi kulalatira adani mpweya umodzi.
Burashi ankapanga okha, ubweya wa kumchira wa ng'ombe
womanga ndi waya pa kansungwi.
Ine ndinali wogwira chitini,
wouzidwa kuti, usanunkhize pentiyo,
ukagwa makwererowa agwira ndani?

Lero ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi.
Masana ndimaphunzitsa ana a sekondale
kujambula botolo ndi mthunzi wake,
madzulo ndimapanikizana m'minibasi ya ku Chichiri
kukasaka digiri yachiwiri ya zaluso.
Fizi yadya malata amene ndinkasunga kuseri kwa kabati.
Mwamuna wanga akafunsidwa amati, akuphunzira zojambulajambula,
mawu atatsitsa ngati akutchula matenda.

M'kalasi tilimo asanu ndi awiri.
Timakangana za kuwala, za danga, za maso a woonerera,
mawu ataliatali ngati msewu wa ku Zalewa.
Magetsi akathima timayatsa tochi za pafoni,
Ulemelero wosema ziboliboli nkumawerengabe mokweza,
ine maganizo ali pa mbuzi.

Inalipo mbuzi pa butchala ina ku Bangwe.
Bambo anaijambula chaka chimene madzi anakokolola kamlatho ka kwathu.
Yonenepa, yoyera, miyendo ili chilili,
koma diso lake linkayang'ana mpeni womwe sunajambulidwe.
Anthu ankagula nyama osacheukira kukhoma.
Mwini butchala anakana kumaliza ndalama,
ati mbuzi yodziwa zinthu imathawitsa makasitomala.

Loweruka ndinapitako ndi kamera yobwereka.
Khoma lonse tsopano ndi lachikasu,
pakhomo mtsikana akugulitsa mayunitsi.
Ndinamupempha, anaseka, ati bola musagwetse nyumba.
Ndinatulutsa lezala
nkuyamba kupala pomwe mtima unkaloza,
pa msinkhu wa phewa la bambo.
Chikasu chinayoyoka, pansi pake buluu wotsatsa sopo,
pansi pa buluu laimu wa chaka china cha chisankho.
Chala chikuchucha magazi, ana atandiunjirira,
wina nkumati mayiwa mutu suli bwino.

Kenako diso.
Lakuda bii, kadontho koyera pakona,
likuyang'anabe mpeni uja.

Sindinalire.
Ndinajambula kasanu dzanja likunjenjemera,
zithunzi zinayi zinatuluka mbuu.
Mtsikana uja anafunsa ngati ndigule mayunitsi.
Ndinagula a faifi handiredi, osawafuna.

Usiku uno mwana wagona ndi nsapato kuphazi,
nyali ya batire ikuphethira,
agalu a ku Namiyango akuyankhana.
Ndatsegula ndime yachitatu ija
ndipo pansi pa inki yofiira ndalemba mosathamanga,
zilembo zoongoka monga anandiphunzitsira,
chigongono chosagunda pepala:

Likhutcha, W. Chaka cha kamlatho.
Mbuzi. Penti wamafuta pa pulasitala.
Bangwe, kuseri kwa siteji, pansi pa mapenti atatu.
Theka la mtengo wake silinalipidwe.
Tsamba palibe.
Wofuna kutsimikiza
apite ndi lezala lake.