Ndikukusiyira Seva, Zondiwe

Makiyi ndi awa. Kakang'onoka ndi ka kabati,
kamavuta, uzikankha chitseko ndi bondo.
Usaseke. Bondo langa lagwira ntchito imeneyi zaka zisanu ndi zinayi.

M'bokosi lakuda likung'ung'udzalo
muli alimi a mbatatesi zikwi zitatu,
a ku Bembeke, a kwa Kanyama, ena kutsidya kwa Linthipe,
ngongole zawo za feteleza, matumba awo, mayina a owalowa m'malo.
Ukamati detabesi uziwaona iwowo
ali pamzere panjapa, manja m'khwapa, m'mawa wa Juni.

Bakapu, inde, aliyense amaitchula.
Ine ndinaiphunzira chaka chomwe mphezi
inatsika m'phiri la Dedza n'kutilowera pa waya.
Ndinaitsegula mtima uli m'malo, ndikuimba kamluzu,
n'kupeza kuti miyezi inayi yathunthu
tinkasunga fayilo yopanda kanthu.
Thumba losokedwa bwino, m'kati muli mphepo.
Ndiye mwezi uliwonse uziibwezeretsa pa kompyuta yakale ija,
ufufuze dzina la mayi Nangozo, uone ngati ngongole yawo ilipo.
Ikapezeka, kagone.

Seva yachiwiri ili ku ofesi ya ku Lizulu.
Chomwe iyi yalemba, iyonso imalemba,
ndipo kuno kukazima imasenza katundu ndi iyo.
Koma usaiyese bakapu.
Ukafufuta tebulo molakwitsa kuno
nayonso ifufuta, mokhulupirika, usanamalize kugwira pakamwa.
Uziyang'ana kuti yatsalira mtunda wotani:
tsiku la msika netiweki ya kumeneko
imayenda ngati lole ya kabichi pachitunda.

Mwezi ukamatha adzabwera a Chidzanja owerengera ndalama,
nkhope ili ndwii, akuti makina akalamba, tigule ena.
Apatse mpando.
Iwe yamba wafufuza funso lomwe likudya nthawi.
Kawirikawiri limakhala limodzi lokha,
likumasula matumba onse m'nyumba yosungira
pofuna thumba limodzi.
Lipatse indekisi.
Koma usawaze maindekisi paliponse,
iliyonse imafuna ilembedwe nayo mlimi akangolipira,
ndipo mzere panjapo umatalika.

Malogi amamera ngati chisoso, osadzalidwa.
Disiki ikatsala pang'ono kudzaza siikuwa ayi,
imangokhala chete mpaka zonse zitaima.
Palira msanga.

Lachisanu masana usasinthe kalikonse.
Ngakhale akuchonderere. Ngakhale chala chiyabwe.

Mabatire ali pansiwo amanama,
kanyali kobiriwira si umboni.
Loweruka lina uzimitse dala magetsi, wotchi ili m'manja,
uwerenge mphindi zomwe akupirira,
uonenso ngati dizilo wa jenereta alipo
kapena wapita ku maliro ndi galimoto ya bwana.
Chisanu cha kuno chimatikonda, chimaziziritsa makina ulere,
koma fumbi la Okutobala limalowa ndi pansi pa chitseko.
Chiguduli chija sichili pamenepo mwangozi.

Pasiwedi yaikulu ili mu envulopu, m'sefa mwa tcheyamani.
Sinamatidwepo pakhoma ndipo isadzamatidwe.
Kope ili, lachikuto chong'ambikali,
uzilembamo chilichonse wakhudza, tsiku ndi ola,
ngakhale zochititsa manyazi.
Zanga zili chapakati apo, ndinazilemba ndi bolopeni yofiira.
Pakati pa usiku, foni ikulira, mutu utauma,
amakumbuka ndi kope, osati iwe.

Ntchitoyi ikamayenda bwino palibe adzakudziwe dzina.
Azidzafunsana pa tiyi:
kodi mnyamata uja amatani m'kachipinda muja tsiku lonse?
Uzingomwetulira, umwe tiyi wako akadali wotentha.

Basi, minibasi ya ku Golomoti indisiya.
Nambala yanga uli nayo,
koma kwathu foni imagwira pachulu pokha,
ndipo nthawi ya dzinja sindikwerapo.

Ayi, osapotoza kiyi mwamphamvu choncho, athyoka.
Bondo, Zondiwe. Kankha ndi bondo.