Lipenga la ku Bangula

Linabwera m'thumba la feteleza
pa keliyala ya njinga ya Dominga,
litamwa matope mpaka kukhosi
ngati mlamba umene chigumula chinausiya m'munda.
Akuti linali la malemu bambo ake,
a Zuze Alufandika, a bandi ya antchito a njanji,
kale sitima ikuimabe pano
kudikira mabelo a thonje.

Ine ndine wowotcherera zidebe.
Ndimamata mapoto, ndimawongola masipoko.
Chitsulo ndi chitsulo basi, ndinatero,
mkuwa n'kundiseka chamumtima.

Ndinayamba n'kuliviika m'madzi a bwemba.
Nkhuni sindinawononge:
kuno dzuwa la Okutobala limafunditsa lokha beseni.
M'mimba mwake munatuluka Shire yense,
mchenga, njere ya mapira, kachigoba ka nkhono,
ndi nyumba ya mavu ya zipinda zinayi.

Mabatani atatu onse anali gwa!
Usiku uliwonse ndinkawadonthezera palafini
n'kumawanyengerera ngati mwana wokana mankhwala.
Loyamba linagonja Lachinayi.
Lachiwiri linatsatira mnzake mosavuta.
Lachitatu linandidyera masabata awiri
ndi chikhadabo cha chala chachikulu.

Masipuling'i anali atasanduka fumbi lofiira.
Ndinapota ena ndi waya wa buleki
pomuzunguliza pamsomali.
Zofewa za pansi pa mabatani
ndinazidula kuchipewa changa cha kutchalitchi;
mpaka lero mkazi wanga akuti ndi makoswe.

Pong'aluka ndinathirapo mtovu, pang'ono pokha,
kadontho kosaposa msozi wa nkhuku.
Pobonyoka ndinkasisita ndi msana wa supuni,
lipenga litagona pa kathumba ka mchenga,
kusisita, kupuma, kumva ndi chala, kusisitanso,
popeza mkuwa ukaukalipira umang'ambika.

Panatsala pamodzi, m'mphepete mwa kukamwa kwake.
Dominga anandigwira dzanja:
Apo pasiyeni.
Ndi pamene mayi anawagenda nalo
atabwera dzuwa lili pamutu
kuchokera ku ukwati wa dzana ku Chiromo.
Anaseka, kenaka n'kuyang'ana kumbali nthawi yaitali.
Ndinapasiya.

Phulusa ndi ndimu zinamaliza ntchito.
Nkhope yanga inaonekamo, yotambalala ngati ya chule,
ndipo pansi pa zobiriwira panatuluka zilembo
zokanda ndi msomali: Z. A.

Ndiye ndinauzira.
Kunamveka mvuu yodwala chimfine.
Mbuzi ya aneba inadula chingwe.

Tinakatenga a Thengo Semba kwa Tengani,
otsala okha a bandi ija,
pa kabaza, atakumbatira ndodo.
Analilandira ndi manja awiri.
Kukamwa mulibe dzino ndi limodzi lomwe,
milomo ilibe pogwira,
koma zala zinapeza malo ake zosafunsa njira
n'kuyamba kuguba pamabatani,
nyimbo yonse, ndime zitatu,
popanda liwu,
kungomveka tiki, tiki, tiki wa waya wanga wa buleki.
Palibe anatsokomola.

Atatha anaitana Luwiza, mwana wa Dominga,
wa Sitandade Sikisi, miyendo yotuwa.
Tseka milomo, anatero,
uchite ngati ukulavula njere ya bwemba
yomwe sukufuna kuti ipite kutali.
Koyamba mphepo yokha.
Kachiwiri malovu.
Kachisanu ndi chitatu
liwu linatuluka, lowonda, lonjenjemera,
n'kuima chilili,
n'kuwoloka msewu, kudutsa pamwamba pa njanji yomera udzu,
kukafika kumene amayi ogulitsa nsomba
anatembenuka onse pamodzi.

Takhuta, anatero a Semba, osayang'ana munthu.

Malipiro anga anali mbatata, chidebe chimodzi,
ndipo chidebecho chikudontha.
Mawa ndichimata.
Usiku uno ndagona chagada pabwalo, udzudzu ukuimba zake,
manja akununkha mkuwa,
sopo wakanika.