Lawi la ku Talcahuano

M'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke padoko,
Sajeni Huenchullán amafika ndi timabotolo khumi ndi tiwiri,
topanda mayina, manambala okhaokha.
Sindifunsa. Ndinasayina kalekale kuti sindidzafunsa.

M'timabotolomo muli oyilo wakuda bii
wochokera m'mimba mwa helikoputala za asilikali apamadzi.
Ndikatsegula mpweya wa agoni
makina amayamba kuliza mluzu,
lawi n'kuima njo m'kachubu kagalasi,
lotentha kuposa nkhope ya dzuwa.
Ndimalipatsa kadontho.
Limatafuna, n'kulavula kuwala,
kuwalako n'kuulula zonse:
chitsulo chochuluka chonchi, mkuwa chonchi, siliva pang'ono.

Siliva ndiye amandisowetsa tulo.
Akakwera, ndiye kuti injini ikudyeka mkati
mwakachetechete, ngati mtengo wolowa chiswe,
pamene mnyamata wina woiyendetsa
akumwa khofi, akuseka, osadziwa kanthu.

Lachinayi masana makinawo amabwerekedwa kwa ana asukulu.
Amalowa ali chinyachinya m'magalasi otchinga maso,
majasi oyera akuwakhwepa m'mapewa.
Wina wabweretsa dothi la pabwalo la mpira,
wina chigoba cha nkhanu,
wina tsitsi la mlongo wake, lometa mozemba.

Millaray anabweretsa madzi a pampopi wa kwawo
m'botolo la jamu.
Anati, "Amayi akuti ndi oyera, mungotaya nthawi."
Analidi oyera mbee.

Lawi silidziwa nyota za paphewa,
silidziwa yunifomu ya sukulu.
Linamwa madziwo monga limamwera oyilo wa nkhondo,
mzere wa mtovu n'kudzuka pakompyuta,
kukwera, kukwerabe.
Kalasi yonse zii.

Ndinabwereza katatu.
Ndinatsuka kachubu ndi asidi, kubwerezanso.

Manambala onse ndimalemba m'buku limodzi,
ndi cholembera chimodzimodzi.
Nambala ya sajeni imatsitsa helikoputala
ola lisanathe.
Nambala ya Millaray ndinaitumiza ku khonsolo ya mzinda.
Papita milungu isanu.

Dzulo wabweranso yekha, sukulu itaweruka,
chikwama chikulira ngwerengwere.
Mabotolo asanu ndi anayi a jamu,
lililonse ndi dzina la banja
ndi nambala ya nyumba, mumsewu wawo wonse.

Sanandipemphe kuti ndimuyezere.
Wavala magalasi, wakwinya manja a jasi,
n'kundifunsa kuti,
"Mayi Ximena, mpweya uja mumatsegulira pati?"