Mzere Wakuda

Kabotolo kake n'kochepa ngati chala cha mwana.
Kanatsika ndege pa Chileka,
kanakwera minibasi katafundizidwa madzi oundana
mpaka pano pa Chirunga, m'firiji yathu yokhosomola
imene timaipempherera magetsi akathima.
Papepala lake analemba kuti:
antibode uyu amadziwa puloteni imodzi yokha,
ina sakhudza.
Tinakhulupirira.
Mtengo wake ukanagula njinga zitatu za kabaza,
ndiye angakayike ndani?

Zaka ziwiri Asiyatu wakhala akuweta mzere wakuda
pakapepala konyowa.
Ukatuluka, amaimba mluzu m'khonde.
Anaujambula, anauyeza kunenepa,
anaulembera masamba makumi anayi,
kufikira tsiku lomwe Sitifano anaimba foni ali ku Blantyre:
"Ndatsata zonse monga munalembera, achemwali,
koma kwanga kuli mbee."

Ine ndine wotsuka magalasi, woyeza mchere ndi madzi,
dzina langa silifika pachikuto.
Komabe ndinakulira ku Chingale, kwa osaka,
ndipo ndikudziwa kuti galu wogula
sumuyesa m'tchire modzaza fungo.
Umuimika pabwalo losesa
n'kuona ngati auwe.

Tinaitanitsa maselo ozulidwa puloteni ija
monga amazulira dzino.
Anachedwa miyezi itatu.
Lachinayi, nkhungu itatsika m'phiri
n'kumeza mitengo ya paini,
tinaika awiri moyandikana:
kumanzere a dzino, kumanja a chibwanyu.
Usiku wonse kapepala kanagwedezeka m'mbale mwake
ngati mwana pamsana.
Asiyatu sanapite ku Matawale.
Anagona pampando, nsapato kumapazi.

M'mawa mzere unatuluka kumanzere.
Unatulukanso kumanja,
pamalo omwewo, wonenepa, wopanda manyazi.
Galu wauwa m'nyumba yopanda munthu.

Sanalire.
Anayang'ana kunja, kumene mnyamata wa masitoloberi
ankasanja timadengu take pa udzu wonyowa,
kenaka anati, "Ndiye ndakhala ndikuyeza chiyani?"
Sindinamuyankhe. Sindikudziwa.
Mwina puloteni ina yofanana nkhope,
msuwani wake wa yomwe timafuna.

Ndinatenga buku lathu la chikuto chobiriwira,
ndinalemba nambala ya kabotolo, nambala ya mtanda wake,
tsiku, kuchuluka kwa madzi osungunulira,
ndipo kumapeto mawu amodzi: wanama.
Tidzatumiza tsambalo kwa Sitifano
ndi kwa ena amene sitikuwadziwa,
amene m'firiji mwawo muli kabotolo komweko
kakudikira kuwadyera zaka.

Masana anabwera ndi cholembera chofiira.
Tsamba loyamba, lachiwiri, lachisanu ndi chinayi,
anakhwatcha pang'onopang'ono
ngati wopalira m'munda wa mayi ake.
Kenaka anandifunsa mtengo wa mabotolo ena awiri,
ochokera kwa opanga osiyana,
ndipo anati ndisataye maselo a chibwanyu aja.

Madzi a Mulunguzi akutuluka pampopi, ozizira mpaka m'mafupa.
Ndikutsuka mbale ija.